Uvuni wa Apongozi Unapita Kunja N'kubwerako Wonyezimira

Nsidze zanga zinameranso patapita miyezi iwiri, koma ulemu wanga pa Senga Bay mpaka lero sunamerenso. Ndinene msanga kuti m'nkhaniyi palibe amene anandimenya kapena kundiopseza. Chipata ndinatsegula ndekha, ndi manja angawa, uku ndikumwetulira.

Ine kwathu ndi kumtunda, kufupi ndi nkhalango ya Kuti. Kunyanja kuno ndinabwera ndi ukwati, ndine mkamwini. Nyumba yanga ili pamalo a apongozi, mayi ake a mkazi wanga, ndipo mwa mwambo wathu ine ndi iwo sitiyang'anana m'maso kapena kuchezerana. Akafuna kundiuza kanthu amauza mwana wawo, mwana wawoyo n'kuuza ine, ngakhale tonse atatu tili pakhonde limodzi. (Amene simunakhalepo pachikamwini musaseke, mawa ndinu.)

Banja lonse tinkadyera uvuni wa apongoziwo. Anthu ena m'mbali mwa nyanja ankawamba nsomba pankhuni, utsi uli tolotolo, nsomba n'kutuluka zakuda bii. Apongozi anadzipangira wawowawo: migolo iwiri, wina wa moto wina wa nsomba, yolumikizidwa ndi paipi yokwiriridwa m'dothi. Nkhuni sankazifuna, ankasonkhezera mankhusu a mpunga amene kuchigayo ankangotaya. Nsomba zawo zinkatuluka zofiirira, zafungo labwino, ndipo zinkakhala masabata osawonongeka. Ogula a ku Lilongwe ankatsika minibasi, kukwera kabaza, kudutsa mathandala oyanikapo nsomba a anthu onse n'kudzaima pakhomo pathu. Uvuniwo analimbana nawo zaka zambiri chimwalirire amuna awo, kumanga, kugumula, kumanganso, mpaka unagwira. N'chifukwa chake unali kuseri kwa mpanda wautali wa udzu, ndipo mlendo sankaloledwa kulowako.

Ntchito yanga inali yokatenga mankhusu kuchigayo panjinga. Basi. Munthu wa Fomu 4, wodziwa Chingerezi, kumakhalira kunyamula zinyalala za mpunga. Zinkandiwawa, sindibisa.

Tsiku lina kunagwa maliro ku Chipoka, ndipo apongozi ndi mkazi wanga ananyamuka kuti akakhala masiku atatu.

"Bambo a Chisomo, akuti chipata chija chikhale chomanga," anatero mkazi wanga, mayi ake ataima pambali pake penipeni.

"Muwauze asadandaule, pakhomo pano pali mwamuna," ndinayankha.

Mawa lake padoko panaima galimoto yoyera. Munatsika mzimayi wachizungu wa chipewa chachikulu, ndi womasulira wake, bambo wa ku Lilongwe amene ankayenda pamchenga ndi nsapato zosongoka. Akuti anachokera ku kampani ina yaikulu ya kunja, ya nthambi m'mayiko ambirimbiri, yopanga zipangizo zophikira ndi zoumitsira zakudya. Ankachita kafukufuku wa mmene anthu amawambira nsomba. Ndinawapeza pa uvuni wa Che Saidi, neba wathu wogulitsa nsomba. Mzungu akutsokomola ndi utsi uku akulemba m'kabuku, Che Saidi ataimirira chilili ngati mkwati, akujambulidwa uku ndi uku.

Nsanje inandigwira. Che Saidi, amene nsomba zake ngakhale mphaka amayamba waganiza kaye, ndiye azipita ku Ulaya pachithunzi? Ndinakonza kolala, n'kusendera pafupi, n'kunena m'Chingerezi changa chija kuti zimene akuonazo ndi masewera, uvuni weniweni uli kwathu.

"Achimwene, mayi aja akabwera mudzalimba?" anandinong'oneza Che Saidi.

"Kungoona basi, maso sachotsa kanthu," ndinatero.

Poyamba kunalidi kungoona. Mzungu anazungulira migolo ija kawiri, n'kugwada, n'kusuzumira. Kenako anapempha kujambula chithunzi chimodzi. Chimodzicho chinabala zinzake mpaka ndinasiya kuwerenga. Kenako m'chikwama munatuluka tepi yoyezera, ndipo amene anagwira kumapeto kwake ndinali ine, n'kumawathandiza kuwerenga manambala mokweza kuti aone kuti kusukulu ndinapitako. Womasulira anandifunsa kuti nzeru imeneyi anaiyambitsa ndani.

Pamenepa m'pamene ndikanatchula dzina la mwini wake. Pakamwa panga panatuluka mawu amodzi okha: "Ine."

Mzungu anandigwira chanza ndi manja awiri. Anati anthu ngati ine ndi amene dziko likuwasowa. Chibadwire palibe anandiuzapo kuti dziko likundisowa, ndiye atafunsa ngati n'kotheka kuona mmene paipi yakhalira pansi pa dothi, ndinathamanga kukatenga khasu. Ndinavula malaya n'kufukula ntchito ya zaka ya apongozi, thukuta lili kamukamu, mzungu akujambula. Pomaliza womasulira anatulutsa pepala la masamba anayi, tizilembo ting'onoting'ono.

"Ndi mwambo chabe, bwana, kusonyeza kuti tinacheza nanu mwaufulu," anatero.

Anandiitana kuti bwana. Ndinasaina osawerenga, ndipo siginecha yake ndinaikhotetsa mwaluso. (Chingerezi chija chinathera polankhula, powerenga chinali patchuthi.) Anandisiyira tisheti ndi kapu.

Dothi ndinabwezeretsa, kulitsira madzi, kulisalaza ndi manja. Apongozi atabwerako analowa kumpanda, n'kukhalako nthawi yaitali osamveka. Potuluka anaima pafupi ndi mwana wawo.

"Uwafunse bambo a Chisomo ngati nkhuku za pano zayamba kufukula ndi khasu."

Ndinayankha kuti mwina ndi mbuzi za Che Saidi. Nkhani inathera pomwepo, tisheti ndinaibisa pansi pa matiresi, ndipo ndinkaganiza kuti ndapulumuka.

Panapita zaka ziwiri. Tsiku lina kunamveka uthenga woti onse owamba nsomba asonkhane padoko, kukubwera alendo ndi luso latsopano lochokera kunja. Tinapita tonse, apongozi atakhala kutsogolo ndi amayi anzawo, ine kumbuyo ndi amuna. Panali tenti, zokuzira mawu, ndi chinthu chachikulu chophimbidwa ndi nsalu. Womasulira uja analipo, atanenepa, tsopano akutchedwa mkulu wa kampani m'dziko muno. Analankhula nthawi yaitali za akatswiri awo a kutsidya kwa nyanja, amene akuti sanagone tulo kufufuza njira yopulumutsira mitengo yathu ndi mapapo a amayi athu. Kenako anachotsa nsalu.

Migolo iwiri, wina wa moto wina wa nsomba, yolumikizidwa ndi paipi. Zonse zachitsulo chonyezimira, zamatayala, dzina la kampani lili pambali. Anthu anawomba m'manja.

Kumbuyo kwake anatambasula chinsalu cha zithunzi ziwiri. Kumanja kunali mtsikana wa mano oyera ataimirira pa uvuni watsopanowo, pamwamba atalemba kuti "Luso Lamakono". Kumanzere kunali munthu wopanda malaya, nthiti zili pamtunda, khasu m'manja, kukamwa kuli yasa, ataima pamigolo ya dzimbiri. Pamwamba pake analemba kuti "Njira Zachikale". Munthuyo ndinali ine, ndipo mpanda wa kumbuyo kwakewo panalibe amene sankaudziwa.

"Wallahi, mbuzi zanga zija ndi izi," anatero Che Saidi mokweza, anthu n'kufa nako kuseka.

Munthu wanzeru akanazemba pamenepo n'kukwera kabaza wa ku Salima. Ine ndinaimirira. Mkwiyo wa chithunzi chija unandiiwalitsa kuti kutsogolo kwakhala ndani.

"Bwana, musanamize anthu. Uvuni umenewu si wa akatswiri anu ayi. Munauona kwathu, ndipo anaupanga ndine."

Apongozi sanatembenuke, ndinangoona msana wawo ukuwongoka. Mkulu wa kampani uja sanakwiye n'komwe. Anamwetulira, n'kunena kuti akundikumbuka bwino, kuti kampani imayamikira anthu a kumudzi amene anapereka maganizo awo mwaufulu, ndipo pepala limene ndinasaina likusungidwa bwino ku likulu lawo. Kenako nkhope yake inawala ngati wapeza chotola.

"Ndiye zakhala bwino. Poti katswiri ali pompano, bwerani mutiyatsire, anthu aone."

Ndinadzamva pambuyo pake kuti kunja kuja uvuniwo ankauyesa posonkhezera timibulu ta utuchi, ndipo matumba a timibuluto anali asanafike. Pamsonkhanopo anali ndi thumba la mankhusu lochokera kuchigayo, ndipo panalibe mmodzi wa iwo amene ankadziwa kuwayatsa. Vuto linali lakuti inenso sindinkadziwa. Zaka zonsezo ndinkatula thumba pachipata n'kubwerera. Moto ankayatsa apongozi okha.

Ndinapita kutsogolo. M'mgolo wa nsomba anali atayalamo kale chambo chodzaza beseni, chogulidwa m'mawa womwewo. Ndinakhuthulira mankhusu mumgolo wa moto n'kuponyamo machesi. Anazima. Ndinaponyamo ena, anazimanso. Ndinamaliza bokosi lonse, mafoni a anthu ali m'mwamba. Wina anandipatsa pepala, ndinaliyatsa n'kulikankhira pansi, ndipo munayamba kutuluka utsi wakuda wonunkha umene unalowa mutenti, alendo n'kuyamba kutsokomola. Ndinagwada, kulowetsa mutu pakamwa pa mgolo, n'kuuzira ndi mphamvu zanga zonse. Mankhusu ouma aja analilima kamodzi n'kamodzi. Ndinagwa chagada, nsidze zitapita, fungo la tsitsi lopserera lili ponseponse.

Anthu anaseka mpaka ena kugwira pansi. Koma apongozi sankayang'ana ine, ankayang'ana utsi wakuda uja ukulowa mwa chambo. Mayi aja akhoza kupirira zambiri, koma kuona nsomba yabwino ikuwonongeka sangathe. Anaimirira, kumanga chitenje, n'kutuma mayi wina kuti akabwereke munsi panyumba yapafupi. Anafumula moto wanga wonse. Anaimika munsi pakati pa mgolo, kuthira mankhusu mozungulira, kuwatsindira ndi chibakera mpaka analimba, kuwaza timadzi pamwamba, kenako n'kuzula munsi uja pang'onopang'ono. Pakati panatsala bowo loongoka. Anayatsa kamodzi kokha pansi pa bowolo, ndipo moto unagwira mwakachetechete, utsi wake woyera, wochepa.

Chimenecho ndicho chinali chinsinsi chokhacho chimene chinatsala, chimene tepi ya mzungu sinayeze chifukwa ine sindinkachidziwa. Anachipereka okha pamaso pa doko lonse, mafoni akujambula, mkulu wa kampani akulemba mofulumira kuseri kwa pepala la ndondomeko ya msonkhano. Anafunsa dzina lawo kuti awalembe pamndandanda wa amayi amene aphunzitsidwa tsiku limenelo. Apongozi anapukuta manja n'kumapita kwawo.

Chaka chisanathe mauvuni onyezimira aja anali paliponse, kuyambira kwa Che Saidi mpaka ku Chipoka, uliwonse ndi kabuku ka malangizo kokhala ndi chithunzi cha munsi. Nsomba za aliyense zinayamba kutuluka zofiirira. Ogula a ku Lilongwe anasiya kufika pakhomo pathu, nanga adutsirenji mathandala onsewo pamene zomwezo zili pamsewu? Chisomo tinamuchotsa kusukulu yogonera komweko n'kumubweza ku ya masana. Mkazi wanga sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

Chimene chimandiwawa kwambiri chinachitika miyezi ingapo yapitayo. Mkulu wa kampani uja anabweranso, ulendo uno ndi kalata. Akuti amisiri ena a m'tauni ayamba kuwotcherera migolo motsanzira uvuni wawo, pamene kapangidwe kake kanalembetsedwa kunja m'dzina la kampani, ndiye akuyenda kuchenjeza anthu. Anasuzumira kumpanda kwathu, chipata chili chotsegula poti panalibenso chobisa.

"Mayi, uwunso mwaonera wathu. Pakhomo pokha gwiritsani ntchito, koma musapangire ena, mungadzalowe m'mavuto."

Apongozi anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Zikomo bambo, tamva," anatero.

Madzulo ake anatenga khasu n'kugumula uvuni wawo okha, osalola munthu kuwathandiza. Migolo anaigubuduzira panja pa mpanda. Panopa amagulitsa tomato pamsewu.

Mwina mukufuna kumva kuti ndinaphunzirapo chiyani. Za makampani akunja sindinganene zambiri, iwo anabwera kudzatenga ndipo anapeza chitsiru chowatsegulira. Chimene ndinaphunzira ine ndi kuyatsa mankhusu. Ndinaonera pafoni ya Che Saidi, pa kanema wa tsiku lija, kubwereza kambirimbiri mpaka ndinadziwa. Tsopano m'mawa uliwonse ndimatenga munsi n'kupita kukayatsa uvuni wa Che Saidi paganyu, ndipo njira yake imadutsa pamsewu pomwe apongozi amayala tomato wawo.