Michira ya Zilembo za a Dunstan

Ku Kachulu kuno sikunakhaleko munthu wodana ndi chilembo chowongoka ngati a Dunstan. Ankati chilembo chopanda mchira ndi chipewa n'chamaliseche, munthu waulemu sangachiimike pamsewu.

Lusoli anabwera nalo kuchokera ku Halale, kumene ankagwirira makwerero mzungu wina wolemba zikwangwani za kanema. Anafika mu 1951 ndi mabulashi asanu, zitini za penti ndi kabuku kong'ambika ka zilembo zakale zamaluwamaluwa.

Oyamba kuwapatsa ntchito anali Che Alli, eni nyumba ya tiyi. Ankangofuna mawu awiri: TIYI PANO. Chikwangwani chinakwera patatha masabata atatu. T anali ndi nyanga, Y anaphuka masamba, O anali ndi ka O kena pakati pake. Asodzi ankaima pamenepo n'kumakangana. Ena ankati ndi Chiarabu, mpaka mkulu wina anavula nsapato asanalowe.

"A Dunstan, anthu sakutha kuwerenga," anadandaula Che Alli.

"Akuima kapena sakuima?"

"Akuima."

"Ndiye atsanulireni tiyi."

Mbuzi ya mayi Ruth, ogulitsa matemba, itasowa, anawapempha kachidziwitso kokhoma pamtengo wa pamsika. A Dunstan anayamba ndi M. Pofika pa Z, mbuzi inali itabwera yokha, ili ndi ana awiri. Iwo anamalizabe, n'kukachikhoma.

Ife tinkaseka. Amene sankaseka ndi akazi awo, a Alefa. Ankati pakhomopo pali mitala, ndipo mkazi wamkulu ndi penti. Tsiku lina anamanga zovala pansalu, n'kukwera bwato kubwerera kwawo ku Chisi.

Tinawauza a Dunstan kuti awalondole mawa lomwe.

"Ine ndikamayankhula mawu amandithawa," anatero. "Ndiwalembera kalata."

Anakagula pepala lalikulu ku Zomba. Mawu oyamba okha, akuti Wokondedwa, anawadyera dzinja lonse. Patatha miyezi isanu ndi iwiri anavala jekete, n'kuwoloka nayo kalatayo. Anabwerako tsiku lomwelo, pepala lili m'khwapa.

"Mwayendako bwanji?" ndinawafunsa.

"Akuti n'zokongola." Anakhala pansi n'kuyamba kumasula nsapato. "Akuti anandidikira mpaka kukolola mpunga. Panopa ali ndi bambo ena, a makoka."

Tsiku limenelo palibe anaseka.

Kuchokera pamenepo ankadziphikira okha. Anayamba kulemba mayina pamabwato mwaulere, bola mwini bwato akhale nawo kucheza mpaka penti iume. Koma penti ya a Dunstan inkauma mochedwa, ikauma ankapezanso poonjeza duwa. Ambiri tinayamba kuwalambalala. Ine ndemwe ndinazemberapo kuseri kwa thandala la nsomba nditawaona akubwera ndi chitini.

Anamwalira ndi chifuwa mu 1958, nyengo yozizira. Tinawapeza tsiku lachiwiri, poti tinazolowera kuti chitseko chikatsekedwa ndiye kuti ali pakati pa chilembo, safuna phokoso.

Masiku ano zikwangwani amalemba ndi kalaliki wa pamsika, tsiku limodzi zatha. Zimawerengeka munthu ali panjinga, ndipo palibe amaima. Khonde la a Dunstan linagwa ndi mvula, pangotsala mwala umene ankasakanizirapo penti. Mabwato amene anawalemba aja akadaliko kudooko, mayina akufufutika pang'onopang'ono ndi madzi.

Langa ndi limodzi mwa ochepa opanda dzina. Anandiitana kanayi konse kuti ndibwere nalo, ine n'kumati ndidzabwera matemba akachepa.