Nyumba Yanga Si Chigafa

Lolemba

Loweruka lino kuno kuli chinkhoswe cha Esinati, mwana wanga wotsiriza. Akuchimuna akuchokera ku Chipata, wotsogolera a Tembo, malume ake a mnyamatayo. A Tembo omwe aja! Tsiku lodzafunsira anapitirira nyumba yanga ndi galimoto mpaka kudambo, pobwerera n'kunena pagulu kuti, "Pepani madala, tenze kuona monga ni chigafa cha fodya." Anthu anaseka. Ine sindinaseke, mpaka lero.

Tsono khoma lakumaso lipakidwa penti. Ndanena ndanena.

Anaphiri, mayi a m'nyumba muno, akuti zofunika ndi nkhuni, mbuzi ndi mipando, khoma alendo sadya. Ndawakumbutsa kuti sukulu sindinapondeko, zilembo izi ndinaziphunzira pa mabelo, koma fodya ndamusankha moyo wanga wonse. Diso la mtundu ndili nalo. Sindifunsa munthu.

Lachiwiri

Pa Boma. Wogulitsa m'sitolo akundipatsa kapepala ka timabokosi tamitundumitundu, mayina ake Chingerezi chokhachokha. Ndakabweza. Munthu wamkulu amaloza ndi chala. Buluu!

Ndapaka kuyambira pachitseko mpaka pawindo. Kukongola ngati kumwamba mvula itakata.

Penti asanaume, a Kamwendo oyandikana nawo aima pamsewu manja kumbuyo. Akufunsa kuti ndalowa liti chipani chija, nanga nsalu zikabwera ndiwakumbukire. Ine, amene voti yanga saidziwa ngakhale Anaphiri! Madzulo amfumu atumiza mawu kuti ngati pakhomo panga padzakhale msonkhano ndiwauziretu.

Buluu ayi.

Lachitatu

Pa Boma kachiwiri, pa kabaza, msana wonse kuwawa. Wogulitsa uja watulutsanso kapepala kake. Sindinakayang'ane. Wofiira.

Ndapaka kuchokera pawindo mpaka pakona. Amene afika pakhomo dzuwa lisanapendeke:
mtsikana wofuna mayunitsi,
mayi wina wobereka mwana, akuti atape ndalama za pafoni, ndipo sakukhulupirira kuti palibe, akuti ndiyesenso netiweki,
anyamata ofunsa ngati Lamulungu ndionetsa mpira,
nkhuku ya Anaphiri, imene tsopano ili ndi phiko lofiira.

Anaphiri angoti nkhuni sizinabwerebe.

Lachinayi

Pa Boma sindibwererako, wogulitsa uja wayamba kumwetulira. Muphwa wanga wochita geni kumalire wandibweretsera chitini cha wobiriwira, akuti kutsidya ndi umene wavuta. Ndimayenera kumva mawu amenewo.

Ndapaka mbali inayo ya chitseko. Bwinobwino, ngati chimanga cha fetereza.

Esinati watuluka, wayang'ana, wagwira pakamwa. "Ababa, a Tembo adzati mwawapakira mbendera ya kwawo."

Burashi inagwa yokha. Ine kunyengerera Tembo?

Woyera nawo ndi wa ziliza ndi chipatala, pa chinkhoswe sungayese. Wachikasu uli ndi eni ake. Kodi mitundu yonse m'dziko muno anagawana liti osandiuza?

Lachisanu

Khoma likuoneka ngati chitenje cha pakaunjika. Buluu, wofiira, wobiriwira, pamwamba pulasitala wakale poti makwerero ndi aafupi. Zitini zonse zatsala theka, palibe chimene chingakwane khoma lonse. Ndamva Esinati akuuza mnyamata wake pafoni kuti mawa adzalowere njira ya kuseri, ya kukhola. Apongozi kulowera kukhola, pa chinkhoswe cha mwana wanga. Phala landikanika.

Anaphiri akuti ndipite ku Kapondo ndikatenge mbuzi, popeza wodziwa kusankha mbuzi pano ndine ndekha. N'zoona. Ndapita.

Pobwera ndapeza amayi amene anabwera kudzaphika thobwa ali pakhoma ndi zisanza m'manja, akuimba. Zitini zonse zitatu akhuthulira m'bafa losambira, awonjezera laimu wotsala wa kuchimbudzi, atakasa ndi mthiko wakale, n'kumazira khoma ngati akuzira pansi. Kuyambira pamwamba mpaka pansi, mtundu umodzi.

Mtundu wa dothi. Dothi lenileni la pabwalo pano. Mmene linalili khoma Lolemba, ndendende.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe, koma chimene chinatuluka ndi mpweya umene ndaugwira kuyambira Lachiwiri. Ndakalipabe pang'ono za bafa, kuti asazolowere. Ndadya bwino.

Loweruka

Alowera kumaso. Galimoto silinapitirire, amayi analitchingira pamsewu ndi nthungululu.

Zonse zayenda. Ankhoswe agwirizana, nkhuku asinthana, mbuzi yakwanira, Esinati akuseka mpaka mano onse panja. Palibe wafunsa za chipani, palibe wafuna mayunitsi.

Titatha kudya, a Tembo aimirira, apita pakhoma, alisisita ndi chikhatho. Ndiye akuti, "Madala, iyi kala ndiye yamene mabwana apenta ku Lusaka manje. Munaigula kuti?"

Ndawauza kuti ameneyu sapezeka m'sitolo, amafuna diso. Anaphiri anali kudutsa ndi mtsuko wa thobwa, anatsokomola mpaka thobwa kutayika.

Lamulungu

Phee. Alendo apita. Ndakhala pansi pa mtengo wa mango kuyang'ana nyumba yanga. Maulendo awiri a pa Boma, msana, matumba a soya amene anasanduka zitini, zonsezo kuti ioneke mmene imaonekera kale. Chabwino. Fumbi likamabwera lipeza m'bale wake.

Pansi pa windo patsala kabuluu pang'ono ngati chikhatho. Anaphiri aikapo mtondo, akuti usasunthidwe. Sindiusuntha.

Pochokera kutchalitchi a Kamwendo andipatsa moni ngati kale, za nsalu aiwala. Nkhuku ikadali yofiira.

Masana wavenda wa fodya waimika njinga pamsewu, sikelo ili pakeriyala, akukuwa kufunsa ngati m'chigafamu mwatsalako kanthu. Sindinadzuke n'komwe. Ndamuuza kuti wachedwa, tsamba labwino lomaliza atenga a ku Chipata.