Masamu a Malume

Lamlungu lomaliza, mlongo wanga Idesi anali pakhonde akusoka batani pa yunifolomu ya mwana wake Zipora. Anangoti mutu ukuwawa pang'ono. Lachitatu tinamuika m'manda.

Inu, tamverani, izi sindikamba kawirikawiri. Zipora, wa Sitandade 6, anabwera kwa ine malume ake. Akuchimuna ankamufuna ku esiteti, komwe ana amasoka fodya m'malo mopita kusukulu. Mayi Everlyn a ku ofesi yoona za chisamaliro cha ana anafika panjinga yamoto kuchokera ku Mitundu.

"Bambo Jeremiya, ine ndikufuna mwanayu akhale kuno. Koma malikisi akapitiriza kutsika, anthu aja ndikawayankha chiyani?"

"Mayi, ndinaphunzitsa masamu zaka makumi atatu," ndinatero. "Pitani mukapume."

Basi, homuweki ndinkayamba ndalemba ine papepala, Zipora n'kukopera. Magalasi? Ine ndinkati magalasi ndi a nkhalamba.

Kope linabwerako: ziwiri pa khumi. Mawa lake: imodzi. M'munsi mwake, ndi inki yofiira: "Amene akukuthandizayo asiye."

Ndinamanga tayi n'kupalasa njinga mpaka kusukulu kwawo, cha ku Nathenje. Mphunzitsi wake, ha! Anali Maliro, mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kuwerengera ndi timitengo!

"Aphunzitsi akulu, takulandirani," anatero akupinda mawondo. "Kapena mutionetse pa bolodi?"

Ndinatenga choko. Ndinasuzumira m'buku, ndinachulukitsa, yankho ndinalidulira mizere iwiri monga kale. Apo n'kuti Mayi Everlyn ataima pakhomo, atabwera kudzaona kaundula.

"Zipora," anatero Maliro, "malume akhoza?"

Mwana anayang'ana pansi.

"Yankha, mwana wanga," ndinatero, chidali patsogolo.

"Njira yake ndi yomweyo, malume. Koma m'bukumo muli eyiti. Inu mumalemba firii. Masiku onse."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndingawakonze bwanji amalume?"

Inu, ana makumi asanu ndi atatu akamaseka, malata amanjenjemera. Ena anagubuduka pasimenti. Mayi Everlyn anabisa nkhope m'fayilo, mapewa okha akugwedezeka. Ine ndinafuna kupukuta thukuta, n'kudzipaka choko nkhope yonse.

Maliro anapatsa Zipora masamu asanu pa bolodi pomwepo. Anakhoza onse, osafufuta n'kamodzi komwe.

Panja, Mayi Everlyn analemba m'fayilo mwawo nthawi yaitali.

"Mwalemba zotani, mayi?"

"Kuti mwana akhale komwe ali. Wofunika chithandizo ndi malume."

Loweruka ndinapita ku Nkhoma kukayezetsa maso. Homuweki Maliro anandiletsa kuigwira, ndimangoyatsa nyale.

Teremu itatha, Zipora anabweretsa lipoti: nambala folo. Ndinavala magalasi, n'kulozetsa cholembera pamzere wolembedwa kuti "Kholo".

Anaphimba mzerewo ndi chala.

"Apa ndi pa amayi. Sainani m'munsimu, malume."

Ndinasaina m'munsi.