Kamushafuti ya Achimwene

Mwati mukufuna kuiwonjezera mphamvu injini yanuyo? Ha! Khalani kaye bwino pampandopo, mutu musagwedeze, lumoli silidziwa mnansi. Nanunso muli pabenchipo senderani kuno, nkhaniyi ndi yaulere, mulipira za tsitsi zokha.

Achimwene anga, oyamba kubadwa m'mimba mwathu, ali ndi njinga yamoto yakalekale, ya thanki yakuda. Anaigula akadali ndi tsitsi, ndipo ine ndi amene ndingachitire umboni kuti ndi kale ndithu. Alamu atatisiya, njinga nayo inangoti zii, n'kukhala kukhonde zaka ndi zaka, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Eni akewo chimodzimodzi: osatuluka, osaseka, kudya kochita kukakamiza. Zinkatimvetsa chisoni, ndisaname.

Ndiye mumsewu mwathu munabwera mayi wina, namwino wopuma pantchito, wamasiye nayenso, amene ankathandiza pakafamase ka pakona apo. Inu, tamverani! Munthu amene sanadwalepo ngakhale chimfine anayamba kukayezetsa kuthamanga kwa magazi m'mawa ndi madzulo. Akafika, pakamwa gwa. Ankangopereka mkono, n'kuuzidwa kuti ali bwinobwino, n'kuthokoza, n'kubwerako. Kunyumba mabandeji anadzaza kabati, bala palibe.

Tsiku lina achimwene anatulukira muno nkhope itagwa.

"Mphwanga, akuchoka."

"Ndani?"

"Anamwino. Akuti mwezi ukatha akupita kukakhala kwa mwana wawo, kutali. Katundu ayamba kale kumanga."

"Nanga mawu aja mwawauza?"

"Ndiwauzira pati? Pafamase pamakhala anthu. Wina akugula mankhwala a njoka zam'mimba, ine ndiyambe za banja?"

"Ndiye mutani?"

"Anandiuzapo kuti njinga ili kukhonde ija ikadzadzuka ndidzawakweze. Ndikufuna ndiwatengere kupaki, pang'onopang'ono, tikakhale pansi pa mtengo, ndikafunse."

Tinaikankha njinga ija mpaka kugalaja kwa a Zitheka, amakaniko amene chibadwire sanakanepo ntchito. Anamasula injini yonse n'kuyala zitsulo pathebulo. Mapisitoni atsopano, malingi atsopano, zonse zikuyenda bwino, mpaka tinafika pa kamushafuti. Kwa inu osadziwa, kamushafuti ndi kachitsulo kotalika ngati chipesochi, kokhala ndi timanunda. Kakamazungulira, timanundato timatsegula ndi kutseka mavavu, tizitseko timene injini imapumira. Yakale ija inali itadyeka, timanunda titatha psiti.

A Zitheka anayala zitatu pansanza.

"Iyi ndi yofanana ndi imene inabwera ndi njinga. Yofatsa, imakoka kuyambira pansi. Iyi ndi yapakati, yam'tauni, ili ndi kamkwiyo pang'ono. Koma iyi," anaipukuta ndi malaya awo, "iyi ndi yampikisano. Imatsegula mavavu kwambiri n'kuchedwa kutseka. Moto ukakwera, njinga imauluka. Koma pansi ilibe mphamvu, imatsokomola, ndipo ikaima imafuna kuzima."

"Kwa ine yabwino ndi iti?" achimwene anafunsa.

"Kwa achikulire ngati inu, yofatsayi."

Eee! A Zitheka akanangoti "yofatsayi" n'kutseka pakamwa, bwenzi lero kulibe nkhani. Koma "achikulire"! Kwa munthu amene dzulo lake ndinali nditamudaya ndevu ndi manja angawa! Ndinaona khutu la achimwene likunjenjemera. Ine ndinangoponyapo kamawu, monga m'bale, kuti mkazi sasangalala ndi njinga yolira ngati makina osokera. Pali cholakwika pamenepo? Ena m'banja mwathu mpaka lero amati ndinasonkhezera moto ndine. Bodza lenileni, ine ndinkanena za makina osokera.

"Ikani yampikisanoyo," achimwene analamula.

"Akulu, msewu wanu uli ndi mahampu, msika, maloboti..."

"Zitheka kapena sizitheka?"

Amakaniko anayang'ana chikwangwani cha galaja yawo, n'kupumira m'mwamba. "Zitheka."

Paja amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Koma mwana wa imvi uyu anasemeredwa yachitsulo.

Tsiku loiliza litafika, achimwene anaponda kiki, njinga inangoti fuu. Anapondanso, zii. Ataponda ndi mtima wonse, kiki inabweza, nsapato n'kuuluka kukatera padenga la galaja. Ikadali pomwepo, ikusunga madzi a mvula. Ndipo italira, abale inu! Sinkaliranso mwaulemu ngati kale. Inkati bwa! bwabwa! n'kukhala chete ngati yafa, mwati tiyambe kulira maliro, yayambiranso bwa! Masipanala anayamba kuyenda okha pathebulo. Achimwene misozi ili lengelenge.

"Wamva, mphwanga? Chilombo!"

Chilombocho chinali ndi khalidwe limodzi loipa: kuyenda pang'onopang'ono sichinkadziwa, kuima chinkadana nako. Pahampu, chazima. Kumbuyo kwa ngolo ya makala, chazima. Pamaloboti, kuti chisazime, achimwene ankayenera kumangokoka moto, vuuu, vuuu, anthu n'kumati mdalayu akuputa mpikisano. Tsiku lina amene anaima pambali pawo anali wapolisi wapamsewu. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Bambo, mukundiopseza?"

"Ayi bwana, ndikasiya izima."

"Tasiyani."

Anasiya. Inazima. Wapolisi uja anawathandiza yekha kuikankhira pambali, akuseka mpaka chipewa kugwa.

Ine chilungamo ndimanena, ndinawauza kuti, "Achimwene, wakutsina khutu ndi mnansi. Kabwezeretseni yofatsa ija."

"Iwe, Loweruka lopita nawo kupaki ndi mawa. Ndipo ndawauza kale anamwino kuti adzamve okha kulira kwake."

Loweruka ndinatseka shopu ino, makasitomala ndikuwaona, kuti ndikaonerere. Anamwino anaima pageti pawo, atavala buluku ndi nsapato zotseka, chikwama chili m'manja. Achimwene anatulukira kumtunda atavala jekete, tayi, ndi helemeti yopaka polishi. Atayandikira, mpamene anakumbukira kuti akaima izima, ndipo ikazima kuidzutsa ndi nkhondo. Anangodutsa, n'kukweza dzanja ngati munthu wa ulendo wina. Anakazungulira paraundabauti, n'kubweranso.

"Mwadzuka bwanji mayiii!"

Adutsa.

Anamwino anatembenukira kwa ine. "Achimwene anuwa akupita kuti?"

"Akutenthetsa injini, mayi."

"Ndikubweraaa!" Adutsanso.

Apa n'kuti msewu wonse utatuluka: atelala tepi ili m'khosi, amayi ogulitsa tomato, ngakhale agalu. Pomaliza achimwene analimba mtima n'kugwira buleki pageti. Njinga inatsokomola, n'kufera pomwepo pamapazi pa anamwino.

"Imatero," achimwene anatero, akumwetulira kumwetulira kwa munthu amene waswa mbale kuchikamwini. Anaponda kiki. Fuu. Anapondanso, thukuta lili kamukamu, daya wa ndevu akutsikira patayi. Kenaka kiki inabweza, ulendo uno n'kupeza kakolo. Ndinamva "mayo!" amene sindinamumvepo chimwalirire bambo athu.

Anamwino anawakhazika pansi, n'kutulutsa bandeji m'chikwama. Bala loyamba lenileni chiyambire chibwenzi cha pafamase chija!

"Kiki imeneyi lero simupondanso, bambo."

Ndinawayang'ana achimwene m'maso. Paki yapita, funso lapita, mwezi ukutha, ndipo munthu akubwerera kukakhala yekha m'nyumba ija. Kuseka konse kunandithera, mtima unandiwawa.

"Tiikankha!" ndinatero.

Tinawakweza, ine ndi atelala n'kuyamba kukankha. Inu, achimwene anga ndi munthu wa thupi. Tikafika pa liwiro, iwo n'kusiya kilatchi, tayala limangoti kwee, njinga n'kuima nji, ife mphuno n'kugunda msana wawo. Tinabwereza mpaka atelala anakhala pansi n'kunena kuti iwo ana awo akadali aang'ono.

Anamwino anayandikira. "Tatsikani bambo, ndikhalepo ine. Ndine wopepuka."

"Mayi, ndi chilombotu ichi."

"Gwirani chikwamachi."

Anawalandanso helemeti. Anakwera, n'kuponda giya yachiwiri ngati munthu akulowa m'khitchini mwake. "Kankhani!" Tinakankha. Bwa! Bwabwa! Anakoka moto, anakokanso, osaopa, ndipo mpamene tinamva koyamba chimene a Zitheka ankanena. Kutsokomola kuja kunatha, injini inayamba kuimba. Ine ndinapezeka ndikukankha mphepo, n'kugwa chafufumimba. Podzutsa mutu, anamwino kulibe, kwangotsala fumbi ndi fungo la petulo.

Achimwene anakhala m'mphepete mwa msewu, mwendo uli tambalale, chikwama chachizimayi chili pachifuwa.

"Mphwanga, ndawapha."

"Simunawaphe, tamverani."

Kumsewu waukulu kunkamveka kulira kuja, kukupita, kukubwera, kukupitanso. Amayi a tomato anayamba kupemphera mokweza. Atelala anati iwo sanaone kanthu, apolisi akabwera asatchulidwe.

Patapita nthawi njinga inatulukira. Inadutsa mahampu osazima, n'kudzaima pageti ikulirabe, anamwino akuinyengerera ndi zala ziwiri basi. Anaizimitsa okha, mwakufuna kwawo. Atavula helemeti, ankaseka ngati mtsikana.

"Zaka zonse ndinali pantchito, katemera ndinkakapereka panjinga yamoto. Koma ankatipatsa tinjinga tofatsa ngati nkhosa. Iyi ndiye njinga! Kamushafuti imeneyi anasankha ndani?"

"Ine," tinayankha tonse awiri. Achimwene anandiyang'ana moipa, koma chilungamo ndi chilungamo.

Anamwino anaimika njinga, n'kuima patsogolo pa achimwene, manja ali m'chiuno.

"Bambo, kupaki sitifika ndi mwendo umenewo. Koma inu muli ndi mawu. Ndakhala ndikuwaona pamakina oyezera magazi aja. Nenani pompano."

"Pano? Pa anthu?"

"Katundu wanga ali m'makatoni."

Achimwene anadzuka, n'kuima ndi mwendo umodzi atandigwira phewa, chikwama chikulendewera pamkono.

"Mayi," anatero, "musapite. Ndikukufunani banja."

Ine, munthu wamkulu ngati ine, ndinalira. Atelala anandibwereka kansalu.

"Makatoni ndimasula," anamwino anayankha. "Koma tigwirizane ziwiri. Kamushafuti isachoke. Ndipo kutsogolo ndi kwanga."

Achimwene anavomera asanamalize n'komwe kumva. Lero ndi munthu wosangalala, amaseka, amadya mpaka kupempha zina, ndipo alamu atsopanowa amawakonda zedi. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi: mukawaona akudutsa Loweruka, inu n'kuwapatsa moni iwo osayankha, musati ndi onyada. Kumbuyoko amakhala atatsinzina, akupemphera.