Sabata yokonza mkono wa Yotamu

Lolemba
Yotamu, mdzukulu wanga, wabwera nkhope ili pansi. Mwana uyu amaponya mpira wa kiriketi ngati akugenda galu wakuba nyama. Loweruka kuli masewera ku Woodlands, osankha anyamata opita ku Ndola. Kochi wake akuti, "Poyamba ndiwe moto, kumapeto ndiwe phulusa." Akuti masewerawa ali ndi zigawo: poyambira, pakati, pomalizira.
Aaa! Chovuta n'chiyani? Ndi kicheni pate imeneyo, phwando la amayi lolangiza mkwatibwi. Ine ndavina Kabwata yense, sindinakhalepo pansi ng'oma isanaleke. Ndimukonza ndekha.

Lachiwiri
Zida: mithiko itatu yozika pansi m'malo mwa timitengo timene womenya mpira amatchinga, chivundikiro cha poto chodzitchingira, ndi ine.
Ndikuti yamba pang'onopang'ono. Mpira woyamba, mthiko pakati thyoo! Wachiwiri, beseni la aneba anga Amake Chanda lapeza khomo latsopano.
Yotamu akuti, "Ambuye, pang'onopang'ono wanga ndi ameneyo."

Lachitatu
Ndamutengera ku kwaya ya amayi, akaone mmene timasungira mpweya wa vesi yomaliza. Amuzungulira. Uyu akumutsina mkono, uyo akufunsa ngati ali ndi chibwenzi. Mwana wathawira kuseri kwa tchalitchi. Koma amayi onse akuti Loweruka abwera, zitenje zofanana!

Lachinayi
Chakudyanso m'zigawo. M'mawa kambatata kamodzi, masana kapenta pang'ono, madzulo nyemba mbale yodzaza, mphamvu za kumapeto.
Zotsatira zake sindilemba. Mawindo onse ndatsegula.

Lachisanu
Kochi waimba foni. "Ba mbuya, mwana apumuleko chabe." Ine ndinalera nyumba yodzaza ana. Iye walera chiyani, chipewa?

Loweruka
Minibasi thoo, ng'oma pamiyendo. Yotamu akuthamanga, waponya, timitengo ta womenya tauluka! Nthungululu! Talowa m'bwalo ndi gule, bambo wa malaya oyera watibweza mwaulemu. Talowanso. Mpira uliwonse nyimbo yake, ine patsogolo.
Kenaka amupumitsa, aika kamnyamata koponya mwaulesi ngati kakupatsira mchere. Akuti ndi pakati pamenepo, Yotamu abweranso pomalizira. Ndikumufunsa mdzukulu wanga kuti zitha liti.
"Madzulo, ambuye. Ndi za tsiku lonse."
Tsiku lonse! Ife timayesa ngati mpira wa miyendo. Palibe wanyamula ngakhale chitumbuwa. Dzuwa lili pamutu, amayi akuchoka mmodzimmodzi, uyu mwamuna sanadye, uyo miyendo yatupa. Woimba ng'oma wapita ndi ng'oma yake. Ine ndingotsamira mtengo uwu pang'ono chabe.
Ndikudzidzimuka, mthunzi unandisiya kalekale. Anyamata anyamula Yotamu pamapewa.

Lamulungu
Akupita ku Ndola! Akuti pomalizira anatulutsa omenya atatu, mpira wina waukali, wina wonyengerera. Akuti. Ine sindinaone, ndipo mawu anathera m'bwalo muja, pakhosi pakungolira ngati chitseko cha chimbudzi.
Kutchalitchi anthu andiunjirira. "Ambuye, tiuzeni, inu mumaikometsa nkhani!" Ndatsegula pakamwa, mphepo yokha.
Ndiye akufotokoza ndi Amake Chanda, munthu wosatha kulongosola ngakhale njira ya kumsika, amenenso anachoka masana. Akuti mwana anagoletsa zigoli zitatu, chimodzi ndi mutu.
Onse atembenukira kwa ine. Ndavomera ndi mutu.