A Opareta ndi Ambulera ya Apongozi Anga

Pa poloti pathu panalibe foni yomwe inkalowa kapena kutuluka osadutsa m'makutu mwa a Opareta. Ukanong'ona, ankasendeza mpando. Ukatembenukira kukhoma, ankakuuza kuti khoma limamwa mawu, tembenukira kuno. Munthu wamkulu ndithu, wa imvi zake, koma khutu ngati la mphaka.

Ankati pa unyamata wawo ankagwira ntchito yolumikiza mafoni, nthawi ija munthu ukafuna kulankhula ndi m'bale wako unkayamba wapempha opareta, iye n'kulowetsa waya pabowo. Ntchito imeneyo inatha kalekale, makina anailanda, koma zikuoneka kuti iwo uthengawo sunawapeze. Alandilodi, omwe anali mng'ono wawo, atagula kabokosi ka waifai koti tonse a lendi tizigwiritsa ntchito, analakwitsa chinthu chimodzi: anakaika m'chipinda cha akulu awowo. Tsiku lomwelo mkuluyo anafukula mahedifoni akale m'sutikesi, waya wake ukungolendewera osalowa paliponse, n'kukhala pakhonde. Ntchito inayambiranso.

Kabokosiko kanali kofooka. Mauthenga olemba ankafika m'zipinda mwathu, koma ukati uimbe pa intaneti kuti mumvane mawu, mnzakoyo ankamveka ngati walowetsa mutu m'ndowa ya madzi. Liwu limodzi lafika, atatu atsala m'njira, kenako zii. Malo okhawo omveka anali pakhonde pa a Opareta, pansi pa zenera lawo. Ndiye wofuna kulankhula ndi wake ankapita pomwepo, foni m'manja, ngati wodwala kwa dokotala.

Mankhwala oyamba anali kuzimitsa kamera. "Nkhope yanu akuidziwa kale," ankatero, "ndipo sinasinthe n'kukhala yabwino." Zikakanika, ankatenga ndodo yawo n'kuyenda khomo ndi khomo, akugogoda kuti aliyense atuluke pa laini. Aphunzitsi a chipinda chapakati, omwe ankakonda kuonera mpira pafoni, ankazimitsa akung'ung'udza ngati mwana wa sukulu. Zikakanikabe, ankazimitsa kabokosi kuti kapume, n'kukayatsanso. Zimenezi zinkathandizadi, sindinganame. Koma panali zinanso. Mabulangete onyowa ankayenera kuchotsedwa pachingwe chifukwa amakoka mawu. Kulira pafoni kunali koletsedwa, akuti laini imachita chinyezi. Ndipo iwo ankayenera kumvetsera chilichonse, kuti adziwe pomwe padukira.

Amayi a telala tsiku lina ankauza kasitomala kuti diresi yatha, yangotsala kusita, chonsecho nsalu inali isanadulidwe n'komwe. Mawu anaduka. A Opareta sanadzuke n'komwe pampando. Anangoti bodza ndi lolemera, silikwana mu waya, anene zoona aone. Amayiwo anatukwana chapansipansi, anaimbanso, n'kuvomera kuti diresi ndi ya sabata ya mawa. Laini inayera. Kuyambira pamenepo palibe ankatsutsana nawo.

Amene anawawidwa kwambiri ndi mnyamata wometa tsitsi. Iyeyu anali ndi atsikana awiri, ndipo ankaganiza kuti akudziwa yekha. Madzulo ena akulankhula zotsekemera ndi woyamba, foni inayamba kunjenjemera, wachiwiri akuimba. A Opareta anasuzumira, n'kulengeza ndi mawu a kuntchito: "Wa Lachinayi uja ali pa laini ina, mumuuze adikire kaye." Tsiku limenelo netiweki inali bwino kwabasi. Mtsikanayo anamva zonse. Wometayo anatha mwezi osawapatsa moni, koma ankabwerabe pakhonde, chifukwa akanapita kuti?

Ine ndinasamukira pa polotipo amuna anga atapita kale kukagwira ntchito ya pafakitale m'dziko lina. Ndinali ndi mwana wa m'manja, ndi apongozi anga omwe anabwera kudzandithandiza ndipo sanabwererenso. Amuna anga ankaimba Lamulungu masana okha. Foni ikangolira, apongozi ankaitsomphola. Ankafotokoza za miyendo yawo, za anthu omwalira, za mchere womwe ndinachulutsa. Ikamafika kwa ine inali itatentha, batire lili pafupi kutha, apongozi mbali iyi, a Opareta mbali iyo. Ine mwachibadwa ndine wamanyazi. Pakati pa makutu anayi amenewo ndinkangoti tili bwino, mwana ali bwino, zikomo. Zotsalazo laini inkameza.

Zinapitirira choncho mpaka Lamulungu lina amuna anga ananena zomwe sindinkayembekezera. Kontirakiti yawo inali kutha, ndipo abwana ankafuna kuti asainenso zaka zina ziwiri. Anati aganiza zosaina, poti kunyumba sakuona kuti pali amene akuwasowa. Yankho ankayenera kupereka pakatha sabata. Mlungu wonsewo ndinayesa kulemba uthenga. Sukulu yanga ndi ya pulayimale, ndipo zomwe ndinkafuna kunena zikalembedwa zinkaoneka ngati za munthu wina. Ndinkafufuta.

Lamulungu lotsatira apongozi anavala bwino ngati akupita ku ukwati. Iwo ankakonda kutchedwa mayi wa mwana wakunja, ndipo sankafuna kuti dzina limenelo liwachoke. Foni italira anailandira okha.

"Saina, mwana wanga. Kuno ubwera kudzatani? Mkazi wakoyu ali phee, akungonenepa."

Laini inali yoyera ngati munthuyo waima pakhonde pomwepo. Ine ndinali nditazyolika, ndiye ndinaona zomwe ena sanaone. Chala chachikulu cha phazi la a Opareta chinatuluka m'silipasi, chinalowa pansi pa chitseko chawo, chikufufuza, mpaka chinapeza swichi ya chingwe cha magetsi. Timagetsi ta kabokosi tinazima.

Apongozi anakuwa halo, halo, akugwedeza foni ngati botolo la mankhwala. A Opareta anadzuka pang'onopang'ono, anayang'ana kumwamba, ananyowetsa chala n'kuchiimika. Anati lero mawu akudutsa m'mwamba kwambiri, pakufunika eriyo. Anatulutsa ambulera yawo yakuda, anaitambasula, n'kuitembenuza chagada ngati beseni. Munthu akaime nayo pageti, manja m'mwamba, osatsitsa. Apongozi anandiloza ine.

"Ayi amayi," anatero a Opareta. "Pakufunika wa magazi amodzi ndi woimbayo. Mawu amatsata magazi. Uyu ndi mkazi chabe, angomudutsa."

Sindinaonepo apongozi anga atasangalala chotero. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, anandiponyera foni, n'kunyamuka ndi ambulera. Dzuwa linali likuswa mtengo. Anaima pageti, ambulera chagada pamwamba pa mutu, anthu odutsa mumsewu akuchepetsa liwiro la njinga kuti aone bwino.

Chala chija chinabwereranso pansi pa chitseko. Posakhalitsa foni inalira.

"Laini ndi yanu," anatero a Opareta.

Amuna anga anafunsa ngati ndi amayi. Ndinati ndine. Anafunsa kuti tili bwanji. Ndinati tili bwino. A Opareta anapuma mpweya wautali ngati tayala lophulika. Kenako anavula mahedifoni aja, n'kuwakoleka pampando. Aka kanali koyamba kuona makutu awo, ndipo anali ang'onoang'ono, osagwirizana ndi mbiri yawo. Anati akukaona eriyo, anatenga ndodo, anapita.

Ndinatsala ndekha ndi mwana pamwendo.

"Musasaine," ndinatero. "Mwanayu akuitana aliyense wovala thalauza kuti ababa. Ndipo ineyo ndakusowani. Bwerani."

Kunali zii. Ndinayang'ana kabokosi kudzera pazenera, timagetsi tonse tinali toyaka.

"Yaduka?" ndinafunsa.

"Ayi, ndamva. Tanenanso basi."

Ndinanenanso. Tinalankhula mpaka batire linatha.

Musaganize kuti mkuluyo anasanduka mngelo. Madzulo omwewo ndikutunga madzi pampope, amayi a telala anandipatsa moni wakuti "tanenanso basi", wometa tsitsi akuseka mpaka kugwira khoma. Aphunzitsi anandiuza kuti a Opareta pageti sanafike. Anangokhota n'kuima kuseri kwa thanki ya madzi, khutu lili panja. Ndinatha masiku ndikutuluka m'nyumba ngati wakuba. Apongozi nawo palibe anakawauza kuti atsitse manja. Anabwera okha mapewa akunjenjemera, ndipo atafunsa chifukwa chake sanaitanidwe, a Opareta anati akanatsitsa msanga mwana wawo akanasochera m'mlengalenga. Atamva kuti mwana wawoyo sanasaine anakwiya, koma wokwiyira anasowa, poti eriyo anagwira ndi iwo omwe.

A Opareta sanawaone amuna anga. Nyengo yozizira itafika chifuwa chinawagwira, anawatengera kuchipatala, ndipo sanabwereko. Anamwino akuti ankadandaula kuti mkuluyo ankauza odwala anzake kuti azimitse kamera. Amuna anga anafika patapita milungu ingapo. Atakhala pansi, mwana akuwayang'ana mokayika, anafunsa kuti bambo uja ankatsokomola m'mafoni awo onse ali kuti, akufuna amuone nkhope. Ndinawalozera mpando wa pakhonde.

Alandilodi anagula kabokosi katsopano, kamphamvu, kofika mpaka kubafa. Masiku ano aliyense amaimba ali m'chipinda mwake, chitseko chotseka. Aphunzitsi amaonera mpira mpaka maso kufiira. Mabulangete amauma mwamtendere. Wometa tsitsi akuti ali ndi atatu tsopano, koma ndi mphekesera chabe, palibe wotsimikiza. Pakhonde paja pamangogona galu wa alandilodi.

M'chipinda cha a Opareta munalowa mtsikana wina, wamng'ono kwa ine, ali ndi khanda, mwamuna wake ali kutali. Akamaliza kulankhula pafoni amatuluka maso atatupa, n'kuyamba kuchapa matewera omwe achapidwa kale. Laini yake ndi yoyera, ndipo pa poloti ponse palibe akudziwa chomwe chikumuliza. Dzulo ndinaima pakhomo pake nthawi yaitali, dzanja lili m'mwamba, manyazi atandigwira. Kenako ndinagogoda n'kupempha machesi, anga ali m'thumba.