Novela ya a Ndevu ndi Chitengwa Changa

Nkhani iyi mkazi wanga Felisita amaikamba paliponse, pamaliro, paukwati, ngakhale pamzere wa kuchigayo, ndipo amaithira mchere wambiri. Ndiye bola ndiikambe ndekha, manyaziwo ndiwasenze pamutu panga.

Ntchito yanga ndi kugula mbatatesi kwa alimi a ku Ntengo-Wambalame n'kugulitsa kwa eni magalimoto. Sukulu sindinapite nayo patali, koma thumba ndimalidziwa. Ndimamasula kukamwa, ndione za pamwamba. Ndimaligwetsa, ndiboole pang'ono kunsi ndi kampeni, ndione za pansi. Zikakhala zabwino uku ndi uku, pronto, tiyambe kukangana za mtengo. Kukhuthula thumba lonse ndi ntchito ya anthu osowa chochita.

Atabwera manovela a pafoni, mafilimu a m'magawomagawo aja olipira pamwezi n'kumasankha wekha choonera, nzeru yomweyo ndinapita nayo kumeneko. Ku Ntengo rede, netiweki ya foni ija, imagwira pachulu chimodzi kuseri kwa msika, ndipo mamega amasungunuka ngati shuga m'tiyi. Ndani angaonere makapitulo onse aja ataima pachulu, chiswe chikumukwera m'miyendo? Ine ndinkaonera kapitulo yoyamba ndi yomaliza. Za pakati ndinkadzazamo ndekha, poti anthu, kaya a m'foni kaya a pamsika, sasiyana kwenikweni.

Ndinatchuka nazo.

"A Zakariya, tionere iti mwezi uno?"

"Ya madokotala ija isiyeni, pakati imakoka ngati ngolo ya ng'ombe zotopa. Ya apolisi ndi yabwino, kungoti wolemba wake anathamangira kumapeto."

Anthu ankagwedeza mitu. Ena ankabwerera kudzandiuza kuti ndinanena zoona. Nanga ilipo novela imene pakati pake sipakoka?

Tsopano mvetsani pamene panali mtima wanga. Ine kwathu ndi ku Furancungo, ku Ntengo ndinali mkamwini. Zaka ndi zaka ndikulima munda wa apongozi, kanyumba kanga kali kuseri kwa khola lawo la nkhumba. Nditamanga nyumba ya malata kwathu, ndinapempha chitengwa, kuti andilole kutenga mkazi ndi ana tikakhale kumeneko. Mwini mbumba ndi a Kalisito, atsibweni a mkazi wanga, mlimi amene ndakhala ndikugula mbatatesi zake chibwerereni pamudzipo. Iwo anati ayambe aganiza. Apongozi anga aakazi ndiye sankafuna n'komwe. Ankati mwamuna akafika kwawo amasintha. Mawuwo anandipeza kudzera mwa Felisita, poti ine ndi apongozi sitiyang'anana kumaso, tikakumana panjira wina amalowa m'chimanga.

Ndinaganiza ngati wamalonda. Munthu wokayikakayika sumamunyengerera ndi pakamwa, umamuonetsa katundu.

Ndinali nditangoonera novela ina. Kapitulo yoyamba, bambo wa ndevu zometa bwino akukwatira mtsikana wa kumudzi. Akugwada pamaso pa apongozi, akulipirira mlamu wake sukulu, kenako akutenga mkazi kupita naye kunyumba yosanja m'tauni, mudzi wonse ukululutira. Kapitulo yomaliza, a Ndevu omwewo ali m'tchalitchi, misozi ili chuchuchu, mkazi pambali, mlamu wanyamula khanda, apongozi akhala panjinga ya olumala yatsopano yonyezimira. Mamega anandithera pomwepo, koma ndinali nditaona zokwanira. Mumtima ndinati mboni yanga ndi imeneyi.

Ndinakatsitsa makapitulo onse kwa mnzanga wokonza mafoni kuvila, kutauni yathu ija. Ndinanyamula TV yanga, batire ndi sola, n'kukaziika pakhonde pa apongozi. Foni ndinasiyira mlamu wanga Rozita, mng'ono wake wa Felisita, kuti aziyatsa komanso azimasulira, poti apongozi anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo ndipo Chipwitikizi amachimva mwa apo ndi apo.

"Atsibweni," ndinatero kwa a Kalisito, "ine kudzitama sindidziwa. Koma mukafuna kudziwa m'mene ndikasungire mwana wanu ku Furancungo, muonere bambo wa ndevuyu. Ndine ndendende."

"Mwaionera yonse?"

"Mpaka kumapeto."

Limenelo silinali bodza.

Ndinakwera shapa, kaminibasi kaja, kupita kwathu kukaika zitseko, titagwirizana kuti yankho ndidzalimve Lamulungu lina anthu akaweruka kutchalitchi.

Tsikulo nditafika ndinaona kuti pamudzi pasintha. Rozita, amene masiku onse amandithamangira n'kunditchula "amuna anga" uku akupisa m'thumba mwanga kufuna masiwiti, anali atakhala patali, chitenje chafika m'khosi. Amayi a pamudzi anali atandanda kumpanda ngati pali malonda a kaunjika. Felisita anali kusenda nyemba, maso pansi, mapewa akugwedera. Ndinati mumtima, taonani ulemu, mtengo wanga wakwera.

Anandipatsa mpando pabwalo. A Kalisito anakhala moyang'anana nane. Apongozi anali pamphasa kuseri kwa chitseko, ndinkangoona mapazi.

"Taionera novela yanu," anatero a Kalisito. "Yonse. Ngakhale kumunda sitinapiteko bwinobwino."

"Ndinadziwa kuti muikonda. Pakati imakoka pang'ono, koma..."

"Siinakoke."

"Inde, inde, kwa amene amadziwa kuonera siikoka."

"Munati bambo uja ndinu ndendende. Mawuwo mukuwabwereza pamaso pa mbumba?"

"Ndikuwabwereza. Mwina ine n'kupitirirako pang'ono."

Kumpanda wina anatsokomola. A Kalisito anatulutsa fodya n'kuyamba kupichira mwa phee.

"Zimene anamuchita mkazi wake atafika naye m'tauni, inunso mukatero?"

Ndinakumbukira nyumba yosanja ija, makatani mpaka pansi. "Tsiku loyamba lomwe. Zitseko ndaika kale, zolimba, maloko ake ochokera ku Tete."

"Maloko mwagula kale."

"Makiyi ndi awa." Ndinawatulutsa n'kuwaliza m'mwamba.

Felisita anaika lichero pansi n'kubisa nkhope m'chitenje. Ndinati mayi wagwidwa ndi chimwemwe.

"Nanga mlamu wake? Munaona zimene anamuchitira?"

"Mpamene ndinamukondera munthuyo. Amuna ambiri amaiwala kuti ukakwatira mkulu, mng'ono nayenso ndi udindo wako. Rozita akadzabwera kudzacheza, ndidzamusamala chimodzimodzi. Asadzachite kupempha, ndidzayamba ndine."

"Mayo ine," anatero Rozita, n'kukoka chitenje mpaka pamphuno.

"Ndipo khanda lija mlamuyo analinyamula kumapeto?"

"Dalitso, atsibweni. Nyumba yopanda makanda si nyumba. Mulungu akalola, nafenso zitero chaka chamawa."

Kumpanda kunamveka phokoso ngati la nkhuku yotsamwa. A Kalisito anayatsa fodya wawo, machesi atawazimira katatu. Ndinati ukalamba.

Pamenepo mapazi aja kuseri kwa chitseko anasuntha. Apongozi anayankhula, koma monga mwa mwambo, osati kwa ine.

"Felisita, afunse bambo a ana akowo. Ine mayi wako adzandichita ngati mayi uja?"

Apa ndinaimirira, chipewa pachifuwa. Wamalonda amadziwa nthawi yotsekera msika.

"Uwauze amayi kuti zimene anaona zija n'zochepa. Njinga imene anakhalapo mayi uja, ine ndidzaonetsetsa kuti iwonso akhalepo. Ndalumbira pamaso pa anthu onsewa. Ngakhale zitanditengera zaka, amayi sadzayendanso ndi miyendo yawo."

Bwalo linaphulika. Amayi a kumpanda anagwirana, wina anakhala pansi m'fumbi. Felisita anali kulira ndi phwete, nyemba zitamwazika. A Kalisito fodya anawapalira, akutsokomola uku akudzimenya pantchafu. Ine ndinasekako pang'ono, poti pamsika anthu akaseka nawe umaseka, chifukwa chake umafufuza pambuyo.

"Alamu," anatero Rozita akupukuta misozi, "tabwerani muone katundu wanu."

Anayatsa TV n'kudumphira pakati. Ndinaona a Ndevu akutsekera mkazi wawo m'chipinda n'kuponya makiyi m'thumba. Anadumphanso. Ndinaona a Ndevu ndi mlamu wawo ali pamalo poti sipafunika womasulira, ndipo ndinayang'ana kudenga la khonde n'kuyamba kuwerenga mapaso. Anadumpha kachitatu. Apongozi a m'novela aima pamwamba pa masitepe, akukana kusainira kuti munda wawo ugulitsidwe. A Ndevu anayang'ana uku ndi uku, n'kuwakankha ndi manja awiri. Mayiyo anagubuduzika mpaka pansi, nyimbo ikulira.

"Nanga m'tchalitchi muja ankalira chiyani?" Mawu anga anatuluka aang'ono.

"Apolisi anali pakhomo," anayankha Rozita. "Mukanadikira pang'ono mukanawaona."

Ndinayesa kudzitola. "Epa, ndiye kuti mwina ndasokoneza ndi novela ina. Mwezi uno ndaonera zambiri."

"Musavutike," anatero Rozita. "Kapitulo imene munthu waonera imakhala ndi kamzere kofiira kunsi. Tsiku limene munasiya foni, timizere tinali pa yoyamba ndi yomaliza basi. Ndinawaonetsa atsibweni tisanayambe n'komwe."

Ndiye kuti onsewo ankadziwa. Mafunso onse aja anali atawakonzeratu, ndi kugawana ndani afunse chiyani. Ndinayang'ana Felisita, mkazi amene ndamudyetsa zaka zonsezi.

"Iwe, sukananditsina khutu?"

"Munandiuzapo ine kuti manovela mumadumpha pakati pake? Ya madokotala ija munandiletsa, anzanga akuti ndi yokoma."

Ndinakhala pansi. Makiyi aja anali akadali m'manja, ndinasowa powabisa. M'maganizo ndinaona kale nyumba yanga ya ku Furancungo ikukhalamo mileme, ine ndikukalambira kuseri kwa khola la nkhumba.

Phwete litatsika, mawu anachokeranso kuseri kwa chitseko.

"Felisita, afunse. Nyumba yawo ya ku Furancungo ili ndi masitepe?"

"Ilibe, amayi," ndinayankha ndekha, mwambo nditauiwala. "Ngakhale khonde ndi lafulati."

"Ndiye akutenge. Munthu woipa sabweretsa yekha umboni ndi batire lomwe. Koma makiyiwo usunge ndiwe, Rozita asapiteko yekha, ndipo TV itsala konkuno. Akuti a Ndevu athawa kundende, kukubwera gawo lachiwiri."

Ndinavomera zonse osachotsera ngakhale pang'ono, koyamba m'moyo wanga.

Pondiperekeza, a Kalisito anandigwira paphewa, maso akadali ofiira ndi kuseka.

"Mkamwini, ine chitengwa ndinavomera kalekale. Ndimangodandaula kuti mukachoka, ndidzapeza kuti wogula wina ngati inu."

Ndinakhudzidwa. "Zikomo, atsibweni. Ndimayesetsa kuchita chilungamo."

"Si zimenezo. Zaka zonsezi mukuboola matumba anga pamwamba ndi pansi, mumaganiza kuti timbatatesi tating'ono ndi toola tija ndimaika pati?"

Lero tikukhala ku Furancungo, TV ili ku Ntengo, ndipo apongozi ndi amene amatumiza uthenga kudzera mwa Felisita kundiuza novela yoti ndionere. Ine ndinaphunzirapo chimodzi: thumba ungagule osakhuthula, koma usamalumbire kuti za m'kati mwake ndiwe.